Mbaula ya Halima Yasiya Kufuka

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Chia tilipo, kungoti mvula ya chaka chino yachedwa kutha. Mpunga wa kudambo kwanu kuja wayamba kucha, koma mbalame zikutidyera, poti palibe amene amadziwa kuzikalipira ngati inu. Mkazi wa achimwene a Yusufu anabereka mwana wamwamuna, mphuno yake ndi yanu yeniyeni.

Nkhani yomwe yandikhazika pansi ndi ya Halima, mdzukulu wanu munamusiya akukwawa uja. Chaka chatha anayamba kubanika. Kuchipatala kuboma anati ndi mphumu, ndipo anandiuza kuti utsi wa nkhuni asamauyandikire. Apongozi anga atamva anati amutenge azikakhala naye kubomako, poti iwo amaphikira magetsi. Sanalankhule moipa ayi, amamukonda mwanayo. Koma ine, Amayi, mtima unandiwawa. Inu mwandisiya, ndiye mwananso achoke?

A Yusufu ndiwo anandipulumutsa. Anabwera kuchokera ku Dwangwa ndi mbaula yachilendo. Mukanaiona mukanaseka, mukanafunsa kuti chitini chimenechi n'cha chiyani. Simalowa nkhuni kapena makala. Timathiramo mapeleti, tizidutswa ta utuchi tokanikiza, tofanana ndi zitosi za mbuzi. Pansi pake pali kafani kouzira mpweya, koyendera batire ya sola, ndipo moto wake timayatsira pamwamba, uziyaka ukutsika. Chilimwe chonse ndinaphika popanda utsi, Halima mpaka ananenepa.

Mvula itakhazikika, mbaulayo inasintha mtima. Lawi linafiira, utsi tolo m'khitchini monse, mwana n'kuyambiranso kulira m'chifuwa. Apongozi anatumiza mawu kuti abwera Lachisanu kudzamutenga.

Bambo a Halima anati vuto ndi batire, poti dzuwa silinkaoneka. Anapita nayo kukatchajitsa pagolosale, anabwera akuyenda monyada ngati agwira chambo chodzaza bwato. Kafani kanazungulira bwinobwino, koma utsi unali pomwepo. Anakanda m'mutu, natenga ukonde wawo, ulendo wa kumadzi.

Ndinaizondotsa ndekha mbaulayo kuti ndione m'kati. Timabowo tonse tolowera mpweya tinali titatsekeka ndi phulusa louma gwa. Apa ndiye ndinaseka ndekha, chifukwa dzanja limene linachita zimenezi linali lanu. Mukukumbuka mmene munkandifunsira tikamaliza kudya? "Asiyatu, wakwirira moto? Ine sindikufuna kukapempha moto kwa anthu m'mawa." Moto wanu sunkazima, Amayi. Mvula igwe sabata yathunthu, inu mukafukula phulusa khala linali lofiira, ndipo a m'nyumba zoyandikana ankabwera ndi mapale awo kudzapala kwa inu. Ndiye machesi atayamba kunyowa ndi mvula, manja anga anabwerera okha ku zimene munandiphunzitsa. Ndinkakwirira makala a mapeleti aja ndi phulusa, kumatsendera bwinobwino, osadziwa kuti mbaulayi imafuna kukhuthula ukangomaliza kuphika. Ndinatenga sipoko ya njinga n'kutokosa bowo lililonse.

Utsi unachepa, koma sunathe. Ndinakhala pakhonde mphamvu zitandithera, thumba la mapeleti lili pambali. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, ndinangozindikira ndatola kamodzi n'kukaika pa dzino, monga munkachitira ndi mpunga tisanauike m'matumba. Munkati, "Luma kaye, mwana iwe, usamangoyang'ana." Kanangofumbutuka m'kamwa ngati chigumu. Ndi maso ankaoneka owuma ndithu, koma thumbalo linkakhala pansi, ndipo mukudziwa mmene dothi la kuno limatulutsira chinyezi.

Kuyambira pamenepo ndinachita zanu zokhazokha. Dzuwa likangosuzumira, ndinkayala mphasa n'kuwayanika, maso ali kumitambo ya kunyanja. Kukada pang'ono, thamangani anulani. Ndinazindikira kuti ntchito imene inu munkaichita mukuimba, ine ikunditulutsa thukuta. Atauma moti ukaluma ankathyoka kuti thyo, ndinamangirira thumbalo kudenga, pamtanda womwe munkapachika mbewu.

Lachisanu apongozi anafika pa kabaza, atanyamula chikwama chopanda kanthu choti aikemo zovala za mwana. Anandipeza ndikuphika tiyi. Lawi linali litaima njo, loyera, lopanda utsi ngakhale pang'ono, ndipo Halima anali atakhala pafupi nane akusankha mpunga m'lichero, timiyala n'kumaika pamwendo. Apongozi anakhala pampando, akumvetsera mmene mwanayo akupumira. Anamunyamula, naika khutu pamsana pake nthawi yaitali. Kenaka anamwa tiyi wawo, nafunsa komwe mbaula zotere zimapezeka. Chikwama chija chinabwerera kuboma ndi chambo chowamba ndi ufa wa kondowole.

Atapita, ndinatsala m'khitchini muja, ndipo m'pamene chinthu china chinandilasa. Ife tili ana, tinkadziwa kuti mwadzuka tikamva mukutsokomola. Tinkangoti Amayi ayatsa moto, n'kutembenuka pamphasa, kudikira phala. Palibe mmodzi wa ife anafunsapo kuti chifuwa chimenecho chikuchokera kuti. Munkatithamangitsira panja kuti utsi ungatilowe m'maso, inu n'kutsala momwemo mutawerama, mukuuzira nkhuni zonyowa, misozi ikutsika, n'kutuluka ndi chakudya mukumwetulira. Halima wabanika miyezi yowerengeka ndipo tonse tathamanga. Inu munapuma utsi umenewo moyo wanu wonse kuti ife tidye, ndipo palibe anathamanga. Ndinalira, Amayi, ndipo mwana atandifunsa ndinasowa chonamizira, chifukwa m'khitchinimo munalibe utsi.

Tikakolola tichita sadaka yanu. Mphika woyamba wa mpunga ndidzauphika ndekha pa mbaulayi, Halima ali pambali panga, ndipo ndidzamuuza kuti agogo ake anali munthu wotani. Ndikukulonjezani kuti mwanayu adzakulira m'manja mwanga, akupuma bwino.

Allah akupepuzireni kumene muliko. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu