Mvuu za pa Kafue ndi pakamwa panga

Loweruka, mwezi wa Juni. Kunja kwazizira, koma ine ndabwera wofunda.

Gulu la eni magalimoto linanditenga pa ulendo wa kumtsinje wa Kafue kuti lione ngati ndikuyenera kulowamo. Kagalimoto kanga kanachoka ku Kanakantapa kali fumbi lokhalokha, ndiye anakaika kumapeto kwa mzere. Mwambo wawo ndi wakuti watsopano amasenza bokosi la mowa mpaka m'boti. Ndinasenza osadandaula.

Tili pakati pa madzi, aliyense akujambula mvuu, wapampando Ba Zulu, mnzanga wa m'kalasi ku yunivesite, anandiloza ndi botolo. "Uyu tinaphunzira naye, koma anathawa."

"Zoona, ba mudala," ndinatero. "Ninachoka pamene atate anadwala. Koma imwe munapasa bwanji mayeso ine kulibe pambali panu, siniziba."

Akazi a Ba Zulu anaseka mpaka kutsamwa.

A gulu avota za ine Lachitatu. Amayi akuti ndikapepese, koma sindipita. Akandikana andikane, kuseka kuja Ba Zulu apita nako kunyumba. Kungoti ulendo wa mwezi wamawa ndi wa ku Siavonga, ndipo nyanja ya kumeneko sindinaionepo...