Beseni la usipa lomwe ndinakana

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu kuno ku Lungwena. Malemu mayi anga anabwereketsa kachigawo ka malo athu a kunyanja kwa a Sumani, msodzi wochokera ku Makanjira, kuti amangepo thandala loyanikira usipa. Chaka chilichonse pa Idi ankabwera ndi beseni la usipa kudzathokoza. Mayi atamwalira ine ndinachita manyazi kumalandira zinthu kwa munthu wamkulu chotero, ndiye ndinati, "Lekani bambo, mwasanduka m'bale." Analekadi.

Tsopano kwamveka zoti kubwera olembetsa malo. Mwana wa a Sumani, Nasir, yemwe wangofika kumene kuchokera ku Joni, akuti poti akhalapo zaka zoposa khumi ndi ziwiri osapereka kanthu, malowo ndi awo mwalamulo, ndipo alembetsa m'dzina lake. A Sumani eni ake ali duu, tikakumana amangoyang'ana pansi. Sindikufuna kuthamangitsa nkhalamba, koma malowa ndi a mbumba yathu, ndi omwe ndidzasiyire ana anga aakazi. Kodi ulemu wanga uja ndiwo wandilanditsa malo?

A.W., Lungwena

Mayi A.W.,

Mtima pansi. Nasir lamuloli walimva theka, ngati nkhani ya m'minibasi. Zoona, munthu akakhalitsa pamalo poyera, mwini wake ali chete, nthawi zina atha kupempha kuti alembedwe. Koma zimenezi zimakamba za wokhalapo popanda chilolezo, osati wobwereka. Komanso malo a makolo ali ndi ndondomeko yakeyake. Ine ndimaona kuti lamuloli likufunika kukonzedwa, kuti pasamalembedwe munthu mwini malo asanaitanidwe n'kumvedwa. Koma inu musakhale pansi kudikira zimenezo.

Yambani ndi a Sumani, osati mwana wawo. Munthu woyang'ana pansi chotero choonadi akuchidziwa. Pitani ndi amalume anu, mwini mbumba, mukawauze poyera kuti simukuwachotsa, aziyanikabe usipa wawo moyo wawo wonse. Mwina chikuwatseka pakamwa ndi mantha oti adzasowa pogwira.

Kenako funani anthu omwe ankaona beseni lija likulowa pakhomo pa mayi anu, kaya a kumzikiti kaya oyandikana nawo. Amenewo ndiwo mboni zanu. Mukaonekere nawo ku komiti yoona za malo ya m'dera lanu, olembetsawo asanafike, ndipo mukafunsenso ku ofesi ya za malo ku boma kuti mumve zenizeni. Zomwe mugwirizane ndi a Sumani zilembedwe, mboni zisayine.

Chenjezo langa ndi ili: musagwetse thandala, musatukwanizane ndi Nasir, mungaononge mlandu wabwinobwino. Ulemu wanu sunali wolakwika, kungoti munachotsa chikumbutso. Auzeni a Sumani kuti mwambo wa mayi anu ubwerere. Beseni likabwera pa Idi ikudzayi, ngakhale litakhala losadzaza, mulilandire ndi manja awiri, masana, anthu akuona.

Phungu wanu