Mpweya Umene Ndinauzira M'malo mwa Ababa

Chiringa, Phalombe
9 Ogasiti 2025

Okondedwa achemwali a Thandiwe,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno nandolo wabereka, koma mtengo wake musafunse. Ababa akudya bwino, Lamulungu anapita okha ku tchalitchi pa njinga. Zosangalatsa zathera pomwepa.

Mukukumbuka anthu ofufuza aja ndinakuuzani pa foni? Ankayesa kachipangizo kofufuzira khansa ya m'mapapo. Munthu umangouzira mpweya m'kathumba, iwo n'kukalumikiza ku makina okhala ndi tizinthu tosaoneka ndi maso, timene timanunkhiza mpweyawo. Akuti kompyuta yake anaiphunzitsa ndi mpweya wa odwala ambirimbiri, ndiye imazindikira matendawo munthu asanayambe kumva ululu.

Ababa anawalemba dzina chifukwa cha fodya wawo wa chingambwe uja. Koma tsikulo anadzitsekera m'nyumba, amvekere, "Kale ankapopa magazi, lero akufuna mpweya. Ndikawapatsa ndizipuma chiyani?" Ine manyazi, alendo akudikira pakhonde. Ndinapempha kathumbako kuti ndikawanyengerere mkati, koma anakaniratu. Achemwali, ndinauzira ndine, n'kutuluka nako kali ndi dzina la ababa. Ndinkadziona wochenjera, chitsiru ine!

Patatha milungu itatu ofufuza aja anabwera ndi galimoto, akuti mpweya wa ababa waonetsa zizindikiro. Abusa ndi amene anagonjetsa ababa kuti apite ku Blantyre, ine n'kuwaperekeza. Anawajambula pachifuwa kawiri, osapeza kanthu. Adokotala anapepesa, "Agogo, makinawa akadali pa mayeso, nthawi zina amalakwitsa." Ababa anaseka njira yonse yobwerera.

Ine ndinali pa benchi pomwepo, adokotala ali pamphuno pangapa, koma sindinaulule. Ndikanayambira pati? Kuti ndinanamiza anthu ophunzira, ndinavutitsa nkhalamba ulendo wonsewo?

Makina aja sanalakwitse, mtima wanga ukudziwa. Chifuwa chija ndinkati ndi utsi wa nkhuni sichinathe. Masiketi akundivuka. Lachiwiri ndinalavula magazi kuseri kwa khola, n'kukwirira ndi phazi. Ine amene sindinasutepo fodya chibadwire! Ndikuopa, achemwali, ndikuopa kwambiri. Ofufuza aja anamaliza ntchito yawo n'kupita, ndipo m'kompyuta mwawo alembamo kuti anaphonya. Ndawaonongera ngakhale zimenezo.

Lolemba ndipita kuchipatala ndekha, ndikanene dzina langa. Kaya nthawi ikadalipo, kaya.

Pempho langa ndi limodzi. Musadikire Khisimisi ngati mmene munanenera, bwerani mvula isanagwe. Mwana wanga Miracle ayamba Folomu 1 mwezi wamawa, ndikufuna akuzolowereni ine ndikuona.

Ababa musawauze chilichonse. Akupereka moni wambiri, akuti ndikuuzeni kuti mapapo awo ndi a mnyamata. Pepala la adokotala analisunga m'Baibulo, ndipo aliyense akabwera pakhomo pano, ababa amandiitana kuti ndimuwerengere. Ndimawerenga.

Ndine mng'ono wanu,
Rozaria