Mafuta Amene Achimwene Anamiza

12 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Uthenga wanu woti ndikapepese kwa achimwene ndaulandira, koma tamvani kaye mbali yanga.

Thanki ya mafuta itagubuduka pa mlatho, mtsinje wonse unada bii. Ntchito yoyeretsa inaperekedwa kwa kampani ya achimwene. Pamsonkhano wa mu holo ya sukulu, ife oweta nsomba tinapempha kuti atchinge mafutawo asapitirire, kenako awapope. Achimwene anati zimenezo n'zochedwa, mafuta angafike pomwe tauni imatenga madzi akumwa, bola kuthira mankhwala oti awabalalitse. Apo mfundo anali nayo, sindikana.

Ndinaimirira. "Nanga achimwene, akabalalika apita kuti?"

Anaseka pa maikolofoni. "Mlongo wanga, khala pansi, usatichititse manyazi."

Holo yonse inaseka nawo, Amayi.

Anathiradi. Pamwamba panayera mbee, koma mafuta anamira n'kulowa m'ngalande yopita ku maiwe anga. Nsomba zonse zinayandama, mimba zili m'mwamba. Bambo a ana anazivuula ndi manja, ndipo mpaka lero khungu likusupuka, sangathe n'kumanga komwe batani la malaya. Achimwene sanabwere ngakhale kudzazonda.

Ndiye ndinangodikira tsiku lawo lalikulu. Anamanga tenti m'mbali mwa mtsinje, anaitana atolankhani ndi akuluakulu a zachilengedwe kuti adzaone madzi oyera. Ali mkati molankhula, ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, khasu lili m'manja, n'kuyamba kuvundula matope. Mafuta anatumphuka, akuda, onunkha. Ndinatunga ndowa yodzaza n'kukaikhuthula pa nsapato zawo.

"Iwe, ukundipha," ananong'ona.

"Kwezani mawu, achimwene, atolankhani sakumva."

Ntchito ija awalanda, ndipo nkhani ili kukhoti. Andiitana kukachitira umboni. Ndipita, nditavala diresi yanga yabwino, ndipo ndikakhala kutsogolo pomwe angandione.

Mupereke moni kwa azakhali. Adzukulu anu amakufunsani tsiku lililonse. Alamu ndi ana awo ndilibe nawo chifukwa, chitseko changa n'chotsegula kwa iwo. Achimwene akabwera kudzalira pakhonde panu, atonthozeni, ndinu mayi wawo. Koma ine musandiitane.

Ndatha ine,
Mwana wanu wamkazi