Mabawuti asanu ndi anayi pa Njira ya Milka

Trenta
14 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene Stojan,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Graciela, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno tonse tilipo. Masamba m'chigwa afiira, nkhosa zatsika kale kumapiri, ndipo dzana chipale choyamba chinayera pamwamba pa phiri la Sivi Rob, ngakhale pofika masana chinali chitasungunuka. Mlamu wanu Darinka wakumba kachewere wake yense. Akuti chaka chino wabereka kuposa zaka zonse, koma mawu amenewa amanena chaka ndi chaka.

Musadabwe kuti ndagwira cholembera chonsecho timalankhulana pa foni Lamulungu lililonse. Miyezi itatu tsopano ndakhala ndikukonzeka kukuuzani nkhaniyi, koma ndikangomva mawu anu ndimayamba kufunsa za nyengo ya ku Bariloche. Papepala simungandidule mawu, ndipo nanenso ndilibe pothawira.

Nkhani yake ndi Njira ya Milka.

Inu mukukumbukira bwino kuposa ine chilimwe cha 1981, pamene inu ndi bambo munasiya udzu wa ng'ombe uli choyanika padambo n'kupita kukatsegula njira yokwerera pakhoma la kumpoto kwa Sivi Rob. Mvula inabwera, udzu wonse unawola, ndipo amayi sanakulankhuleni sabata yathunthu. Bambo pofuna kupepesa anaitcha njirayo dzina la amayi, iwo n'kuyankha kuti ng'ombe sizidya dzina. Khoma lonselo munakhomamo zikhomo khumi ndi chimodzi zokha. Pathanthwe losalala lija, pamene ming'alu imathera ndipo mwala wa laimu umangotsala ndi timizere tokumbidwa ndi madzi, munatsogola ndinu, mamita makumi awiri ndi asanu opanda chitsulo n'chimodzi chomwe. Mpaka ku ukalamba wawo bambo ankati tsiku limenelo anagwira chingwe osapuma mpweya kufikira munafika tsidya.

Mwambo wathu sindikufunika kukukumbutsani. Njira ndi ya amene anaitsegula, ndipo munthu saonjezerapo chitsulo asanapemphe mwini wake. Bambo anatisiya. Mwini wake watsala ndinu.

M'mwezi wa Juni mwana wanga Tinkara anandiuza pa chakudya chamasana kuti akufuna kukwera njira ya agogo ake, ine ndimugwirire chingwe, ndipo pathanthwepo atsogole yekha. Ndinavomera ndikuseka. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amakwera bwino kuposa mmene ine ndinakwerera pa moyo wanga wonse, ndiye ndikanamuletsa ndi mawu ati? Koma kuyambira tsikulo chakudya chinasiya kundikomera.

Kutatsala sabata imodzi kuti tikakwere ndinanamiza Darinka kuti ndikukaona ming'oma ya njuchi. Ndinakwera chakumbuyo kwa phiri, n'kutsika pachingwe kuchokera pamwamba kuti ndingoona ngati zikhomo zakale zikadali zolimba. Achimwene, chikhomo chomaliza thanthwe lisanayambe, chimene bambo anasula okha m'chipala cha a Matevž, ndinachizula ndi zala ziwiri. Dzimbiri linali litachidya, ndipo madzi anali atakuza mng'alu wake. Ndinakhala ndili lende pachingwepo, chitsulocho chili m'manja, ndikuyang'ana miyala ya pansi pamene munthu angagwere.

Ndikanati ndikuuzeni kuti zimene ndinachita pambuyo pake zinali zadzidzidzi, likanakhala bodza lina. Makina obowolera anali kale m'chikwama changa. Ndinawabwereka dzulo lake. Ndinadziuza kuti ndiika mabawuti awiri okha, limodzi polowera pathanthwe, lina pakati. Koma ndikamanga limodzi ndinkaona Tinkara akuterereka pamwamba pake pang'ono, n'kubowolanso. Pofika madzulo anali asanu ndi anayi, onyezimira pathanthwe lanu lotuwa ngati mabatani a jekete la msilikali.

Tsiku lokwera linafika. Tinkara anawaona mabawutiwo. Ndinkayembekezera kuti akalipa, koma anangopukuta nsapato zake pa thalauza n'kuyamba kukwera. Atafika pa bawuti loyamba sanakolemo chingwe. Analidutsa ngati palibe kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinamuitana, ndinamupempha, kenako ndinakhala chete poopa kumusokoneza. Anadutsa onse asanu ndi anayi, chingwe chikungolendewera chopanda pogwira, ndipo chikhomo cha bambo, chimene mwina chikanathandizako pang'ono, chinali m'thumba langa. Pofuna kumuteteza ndinamukweza thanthwelo ali pa ngozi yoposa imene inu munali nayo.

Nditamupeza tsidya anandipatsa madzi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ababa, ine ndinabwera ku njira ya agogo. Makwerero tili nawo kale kunyumba." Kenako anandiyang'ana m'maso. "Bambo aakulu akudziwa?"

Ndinamuuza kuti mukudziwa, ndiponso kuti munavomera pa foni.

Sindidziwa mawuwo anachokera kuti. Ndinali nditatopa, ndipo sindinathe kupirira kuti mwana wanga andione mmene ankandioneramo. Ndinatenga manyazi anga n'kukusenzetsani inu amene muli kutali.

Bodza likangobadwa limafuna kudyetsedwa. Lachisanu lotsatira ku kalabu yathu ya okwera mapiri, a Ciril, amene akusungabe buku la njira zathu ngakhale maso awo afooka, anandilandira ndi mawu okweza kuti onse amve. Anati amva kuti ndamanga masitepe pa Sivi Rob, ndiye ndikaikenso benchi ndi maluwa kuti iwo adzapite ndi akazi awo Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Anthu anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Kuseka kutatha anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Iwe Zdravko, mkulu wako wam'pempha?" Ndinabwereza zomwe ndinauza Tinkara. A Ciril anapukusa mutu, n'kunena kuti nyama ya ku Argentina yakufewetsani mtima. Anatsegula buku, ndipo pansi pa dzina lanu ndi la bambo analemba kuti mabawuti asanu ndi anayi aonjezedwa ndi chilolezo cha Stojan. Ndinaona inki ikuuma.

Kuyambira pamenepo achinyamata a m'kalabu agawikana. Ena akuti azule mabawutiwo, ena akuti mwini wake walola ndiye palibe mlandu. Pa 9 Novembala akumana kuti agamule, ndipo a Ciril akuti akufuna mawu anu olembedwa ndi dzanja lanu. Adilesi yanu andipempha kawiri. Ulendo woyamba ndinati ndaiwala kunyumba.

Koma za kalabu ndi zazing'ono. Mwezi watha munandifunsa chifukwa chimene Tinkara wasiyira kuyankha mauthenga anu, ine n'kukuuzani kuti ntchito yamuchulukira. Si ntchito. Mwanayu anakula akuona chithunzi chanu cha pathanthwe chili pakhoma la kuchipinda kwake. Tsopano wachichotsa. Anauza amayi ake kuti ine amandimvetsa, poti kholo ndi kholo, mantha ake ndi odziwika. Amene sakumumvetsa ndi munthu amene anadutsa thanthwelo wopanda kanthu, n'kudzalola pa foni kuti libowoledwe ngati khoma la bafa. Ine wandikhululukira, achimwene. Amabwera Loweruka, timadya frika ya Darinka ya kachewere ndi tchizi, amandiseka za mimba yanga. Chikhululukiro chimenecho ndachigula ndi dzina lanu.

Ndikuululireninso kuti kalata ino ndi yachiwiri. M'yoyamba ndinakupemphani kuti mungolembera a Ciril mizere iwiri yonena kuti munalola, nkhani ithe. Ndikudziwa kuti mukanatero, chifukwa moyo wanga wonse mwakhala mukundiphimbira. Ndinaiwerenga m'mawa mwake n'kuiponya pamoto.

Tsono pempho langa ndi ili. Musandiphimbire. Lemberani a Ciril zoona zake, kuti sindinakupempheni. Za mabawutiwo gamulani mmene mtima wanu ukufunira. Mukati atsale, atsala. Mukati achoke, chipale chikangosungunuka ndikawazula ndekha, palibe wina akakhudze. Mabowo ndikawatseka ndi fumbi la thanthwe lomwelo, koma tonse tikudziwa kuti wodutsa pafupi adzawaona. Laimu wotuwa anatenga zaka zosawerengeka kuti atuwe chomwecho, ine ndinamubowola masana amodzi.

Mukandifunsa ngati ndingachitenso, sindikudziwa choyankha. Nthawi zina ndimaganiza za bambo atagwira chingwe chanu tsiku lija. Mantha amene ine ndinali nawo iwonso anali nawo, koma anakulolani kupita. Ine zinandikanika.

Tinkara ndimuuza Loweruka likubwerali, kalata ino isanawoloke nyanja. Ndakonza zoti Darinka adzakhalepo, kuti ndisayambenso kukamba za nyengo. Chikhomo cha bambo ndachikulunga m'nsalu, ndikutumizirani paphukusi lapadera pamodzi ndi uchi wa chaka chino. Ndi chanu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Graciela, kwa mwana wanu Ignacio ndi mkazi wake, ndi kwa kamdzukulu kanu kamene sindinakanyamulepo. Darinka akupereka moni wambiri, ndipo akuti musamakwere njinga bondo lisanapole. Iye za bodza langali wazidziwa dzulo, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake kwa ine ndi owerengeka. A Ciril akuti moni, akuti mubwere mudzawaone asanalembedwe okha m'buku lina. Moni wa Tinkara mulibe m'kalata muno. Ukadzafika, udzafika ndi dzanja lake, ndipo chonde mudzamuyankhe msanga ngakhale ine mutandichedwetsa.

Ndine mng'ono wanu,

Zdravko