Magazi a Tadala Ndi Anganso

Amayi anga, kumene munapitako kukuyenda bwanji? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inasiya kutupa, poti timaphunzira kuti kumeneko kulibe zowawa. Kuno tilipo. Papita chaka ndi miyezi iwiri chikuikireni m'manda, ndipo ino ndi kalata yachinayi imene ndayamba kukulemberani. Zitatu zoyambazo ndinang'amba, chifukwa zinkangonena za mvula ndi mitengo ya zinthu.

Ndiyambe ndi zabwino kaye. Mlongo wanga Agnesi anachira mwezi watha, mwana wamwamuna, wa mapazi aakulu ngati a malemu atate. Mtedza wa kumunda kwanu ku Mitundu unachita bwino, koma chimanga chinapsa ndi ng'amba, tinangokolola chodyera. Ine ndikadali ku Capital Hill, kunyamula mafayilo ofesi iyi ndi iyo. Nyumba ya ku Area 4 inadonthanso pakona pomwe paja munkatchera beseni, ndipo sindinakonzebe.

Zabwino zathera pomwepa. Tsopano khalani pansi, monga munkachitira mukaona kuti ndikuzungulira nkhani.

Mukukumbukira pamene adokotala anatiuza kuti Tadala, mdzukulu wanu, ali ndi matenda a sikoselo. Anali ndi zaka ziwiri, timanja totupa, maso achikasu, kulira kosatonthozeka. Anati matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri, theka kwa bambo, theka kwa mayi, ngakhale makolowo asamadwale. Ine ndinatola mawu oti "makolo onse awiri", enawo ndinawasiya pa benchi pomwepo. Nditafika kunyumba ndinafukula kope langa la bayoloji la Folomu 4, n'kujambula timabokosi tinayi tija tinkaphunzira, toonetsa zimene mwana amatengera kwa makolo. Ndinadziweruzira ndekha kuti ine sindidwaladwala, masitepe a kuntchito ndimakwera osapumira, choncho magazi anga ndi abwino. Ndipo ngati theka linalo silinachokere kwa ine, ndiye kuti linachokera kwa mwamuna wina.

Ndinaitana ankhoswe. Anabwera a Phiri, amalume ake a mkazi wanga Esinati, kuchokera ku Area 47, ndi amalume anga. Pamaso pawo, inu muli pamkeka, ndinatsegula kope lija n'kunena kuti, "Esinati atiuze bambo wa mwanayu." Iye sanalire. Anangoyang'ana kopelo, kenako ine, n'kunyamula mwana kumbuyo.

Inu ndi amene munayankhula. Munati, "Limbani, kayezetse kaye iwe. Mwanayu akudwala ndendende ngati Paulo." Paulo, mng'ono wanga amene anamwalira ine ndili Sitandade 2. Ndipo ine, Amayi, pakamwa pomwe ndimaimbira kwaya, ndinakuyankhani kuti, "Izi ndi za sayansi. Inu munalekezera Sitandade 3." Munangoti, "Chabwino, aphunzitsi," n'kupitiriza kusenda mtedza wanu. Esinati anapita ndi a Phiri tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero ali ku Area 47. Inu munamwalira patapita miyezi isanu, mawu amenewo ndisanawabweze.

Mwezi wa Juni uno, kukuzizira, Tadala anagonekedwanso kuchipatala. A Phiri ananditumizira uthenga wa mawu atatu: "Mwana ali m'chipatala." Ndinapita pa nthawi ya nkhomaliro, ndikudziuza kuti ndikupita ngati Mkhristu wokaona wodwala. Ndinamupeza atadzipinda pabedi, akugwira miyendo. Atandiona anati, "Adadi, mwabwera ndi chiyani?" Ndinalibe kanthu m'manja. Wakula, Amayi. Mphumi wake ndi wanu, ngakhale kakwinyidwe kake.

Adokotala ake ndi mayi wachitsikana, wa magalasi. Atamva kuti ndine bambo wake, anandifunsa ngati ndikudziwa za magazi anga. Ndinati, "Ine ndilibe vutoli." Anati, "Munayezetsa liti?" Esinati anali potero, akupinda nsalu. Sanadzutse mutu, koma manja ake anaima. Ndinangopereka mkono kuti atenge magazi.

Patapita masiku atatu ndinakatenga zotsatira ndekha. Ndili nalo theka lija, Amayi. Ndakhala nalo chibadwire.

Ndinakanabe. Ndinati kodi zitheka bwanji munthu wamphamvu ngati ine? Adokotala aja sanakwiye. Anatembenuza pepala n'kuyamba kujambula. Ndikufotokozereni monga anandifotokozera, chifukwa inu amene ndinakunyozani kuti simungamve za sayansi ndi amene muyenera kuzimva poyamba.

M'magazi mwathu muli maselo ofiira onyamula mpweya, ndipo m'kati mwake mwadzaza puloteni imene imagwira ntchitoyo. Puloteni ili ngati chingwe chachitali cha mikanda, ndipo mikandayo ndi imene amaitcha ma amino asidi. Chingwecho sichikhala chotambasuka. Chimadzipinda chokha, ndipo kapindidwe kake kamadalira mmene mikandayo imakhalirana. Ina imakokana, ina imakankhana. Ina imakonda madzi, choncho imakhala kunja. Ina imadana ndi madzi ngati mafuta, choncho imabisala m'kati, kutsamirana yokhayokha. Mkanda uliwonse uli ndi anzake oyenera kugundana nawo, ndipo zonse zikakhala m'malo mwake, puloteni iliyonse imayandama payokha osamatirira inzake.

Mwa Tadala, mkanda umodzi wokha, wachisanu ndi chimodzi kuchokera kumayambiriro kwa chingwe, unasinthika. Pamene panayenera kukhala wokonda madzi pali wodana ndi madzi. Uli panja, ulibe pobisala. Mpweya ukachepa m'magazi, umakadzilowetsa m'kamphako ka puloteni ina yoyandikana nayo, iyonso n'kugwira ina, inayo n'kugwira ina, mpaka zonse zimalumikizana n'kuuma ngati bango. Selo limene linali lofewa limapindika ngati zenga lomwetera udzu, n'kukakamira m'timitsempha. Kulira kuja n'kumeneko. Ine ndili ndi zingwe za mitundu yonse iwiri, ndiye zabwinozo zimalowerera pakati, zinazo osagwirana mokwanira. N'chifukwa chake ndimakwera masitepe n'kumadzitama.

Ndinafunsa funso lopusa. Ndinati, "Ndiye mkanda umenewu ndi tchimo la ndani?" Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati, "Bambo, apa palibe wochimwa. Inu munalandira, akazi anu analandira, nonse simunasankhe." Iye ankanena za magazi. Za kope lija sakuzidziwa.

Apa ndiye pali chimene chandilembetsa kalatayi. Potuluka ndinakumana ndi Esinati pakhonde, atanyamula fulasiki ya phala. Anandifunsa kuti, "Zatuluka?" Pepala linali m'thumba la shati, likundiotcha pachifuwa. Ndinati, "Akuti sizinatulukebe." Anangoti, "Oho," n'kudutsa. Papita milungu itatu tsopano. Pepalalo ndinaliika m'Baibulo, ngati kuti likakhala mmenemo liyera. Lamulungu lapitali kunali mgonero, ndipo mbale itafika pa ine ndinaipatsira mnzanga. Mkulu wa mpingo anandifunsa panja ngati ndikudwala. Ndinati ndi chimfine. Mwaona mmene bodza langa likuchitira, Amayi? Limodzi likugwira linzake.

Usandifunse chimene ndikuopa, munkatero inu, ndifunse chimene ndikuteteza. Ndikuteteza nkhope yanga pamaso pa a Phiri. Munthu amene ndinamuimitsa ndi kope m'manja, ndikumuphunzitsa timabokosi. Ndimati ndikaganiza zogogoda pageti pawo, ndimangoti ndipita mawa. Ndinayesa kulemba uthenga pafoni kwa Esinati, woti ndinalakwitsa, tikambirane. Ndinafufuta. Mawu aja sindinawanenere pafoni. Ndinawanenera pamaso pa ankhoswe, ndipo mwambo wathu mukuudziwa: chimene chamangidwa pamaso pa ankhoswe chimamasulidwa pamaso pa ankhoswe omwewo.

Ndimaganiziranso Paulo. Ndinali wamng'ono, koma ndikukumbukira azakhali, alongo awo a atate, akunena pamaliro kuti kwanu kuli magazi oipa, mwawadyera mwana. Tsopano ndikudziwa kuti ngati Paulo anafa ndi matendawa, theka lake linachokera kwa atate, kutanthauza kuti kwa azakhali komweko. Munasenza mlandu umenewo zaka makumi atatu. Ndiye mwana wanu yemwe, amene munamulipirira sukulu ndi mtedza, anadzatenga mlandu womwewo n'kuusenzetsa mkazi wina inu mukuona. Pamene munkati "kayezetse kaye" simunkangonena za magazi. Munkayesetsa kuti Esinati asakhale pamkeka umene munakhalapo inu.

Dzulo ndinapita kwa amalume n'kuwaonetsa pepala. Anawerenga kawiri, n'kunena kuti, "Iwe, sukulu yako yatidyetsa manyazi." Avomera kundiperekeza Loweruka. Akuti tinyamule tambala, ndipo ndikakhale pansi, osati pampando. Agnesi ndamuuzanso kuti akayezetse iye ndi khanda lake, asadikire kuti timanja titupe.

Sindikudziwa ngati Esinati abwerera. Amalume akuti ndisakapemphe zimenezo tsiku loyamba, ndipo akunena zoona. Wakhala akugona pansi m'chipatala yekha, akufunditsa mwana ndi kum'mwetsa madzi, ine ndili kuno kusunga ulemu wanga. Akakana, sindikadandaula kwa munthu. Masiku a sikelo ya Tadala ndizipitabe, kaya ndizikhala pa benchi ina.

Chimene ndikulonjeza ndi ichi. Loweruka ndikawerenga pepalalo mokweza, onse akumva. Ndikanena kuti Esinati sanandilakwire, ndipo Tadala ndi mwana wanga. Kenako ndikanena chimene sindingathenso kukuuzani pamaso: kuti m'chipinda muja tsiku lija munali munthu mmodzi yekha wodziwa chimene ankanena, ndipo anali mayi anga.

Mundipempherere kuti pageti paja ndisabwerere. Mum'patse moni Paulo.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamanyazi,
Limbani