Tipi ya Limbani

Lachinayi, Novembala 1996

Lero landipweteka. Mu kafe yomwe ndimagwira ntchito ku Woolwich, kuno kutsidya kwa nyanja, munalowa Limbani, amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8 ku Zomba. Ndi loya tsopano, ali mu suti. Atandiona ndi epuloni anaimirira.

"Aphunzitsi, ndinu kodi?"

Tinacheza pang'ono, koma ine maso anali pa sosala yake. Kuno makasitomala amasiya tipi, kandalama kothokozera wowatumikira, pamenepo, ndipo sabata ino ndi tipi yokha ikundisunga. Pochoka anatulutsa ndalama, anandiyang'ana, kenako anabweza m'thumba.

"Inu sindingakusiyireni tipi, aphunzitsi. Chingakhale chipongwe."

Ndinamuthokoza, ndikumwetulira mpaka anatuluka.

Magetsi atha m'mita, nyumba yazizira. Mwana wanga Tadala akufunsa ngati mawa kuli mkaka...